Kodi Mwezi Ngwa Afiti? Kuunika Zizindikiro za Mwezi ndi Dzuwa m'Mbali mwa Nyanja ku Salima

Mau Oyamba

Aliyense amene adagonapo m'mbali mwa nyanja ku Salima, kaya ndi ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Chipoka, akudziwa kuti kumeneko dzuwa silitulukira kuseri kwa phiri monga kumtunda, koma limachita kuvuuka m'madzi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu nawonso umadzera njira yomweyo. Anthu a kumeneko sayang'ana kumwamba mwa chisangalalo chabe ai, popeza ndiwo zao ndi ndalama zao zimayendera zounikira ziwirizi.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ulaliki umene mseminale wina adapereka pa mapemphero a Lamulungu, pa tchalitchi lina laling'ono la m'mbali mwa nyanja. Mnyamatayo, yemwe ngwa nzeru ndi wachangu pa za Mulungu, adaphunzitsa kuti usana ndi dzuwa nza Mulungu, pamene usiku ndi mwezi nza afiti. Umboni wake udali wakuti ngakhale ku Ulaya anthu odzitcha afiti amapembedza mwezi ndi kuujambula pa zizindikiro zao. Akhristu adaomba m'manja. Koma patapita masiku, mkulu wina wa usodzi adandifunsa kuti: "Bambo mfumu, ngati usiku ngwa afiti, nanga ife amene timagwira ntchito usiku ndife a yani?"

Funso limeneli ndilo ndifuna kuyankha pano. Sindikutsutsa mseminaleyo yekha, pakuti zimene adanena tidazinenapo ambiri a ife pa guwa. Maganizo anga ngakuti kugawa chilengedwe pawiri, theka kwa Mulungu theka kwa afiti, sikuchokera kwa makolo athu, sikuchokeranso m'Malembo Oyera, ndipo amene amalipira mtengo wa chiphunzitso chotere ndi nkhalamba ndi odwala.

1. Mwezi wa amai, wa ana ndi wa asodzi

M'Chichewa mau akuti mwezi amaimira chounikira cha usiku ndiponso nyengo imene timawerengera chaka. Makolo sadalekanitse ziwirizi chifukwa kalendala wao adali kumwamba. Ukaoneka kachigamba kumadzulo ankati mwezi wakhala, ukalowa mumdima ankati wafa, ndipo kuchokera pamene wakhala kufikira utakhalanso pamapita masiku 29 ndi theka. Mai woyembekezera amawerenga miyezi yake, ndipo mkazi amene akusamba timati ali kumwezi. Mwambo womletsa kuthira mchere m'ndiwo pa masiku amenewo uli m'gulu la malamulo a mdulo, amene Bambo J.W.M. van Breugel a chipani cha White Fathers adawafotokoza m'buku lao Chewa Traditional Religion, losindikizidwa mu 2001. Munthu angathe kutsutsa malamulowo, koma sangawatche ufiti, chifukwa cholinga chake chidali kuteteza moyo ndi ubereki.

Palinso nthano yakale ya Anyanja yonena kuti mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wake wa kum'mawa, Chekechani, ndiye nyenyezi yoneka mbandakucha, ndipo amammana chakudya mpaka mwamunayo kuonda. Wa kumadzulo, Puikani, ndiye nyenyezi yoneka madzulo, ndipo amamdyetsa bwino mpaka kunenepa. Lero tikudziwa kuti nyenyezi ziwirizo ndi Venus mmodzi yemweyo, komabe maso a makolo adapenya zoona, pakuti mwezi wokula umaonekadi kumadzulo dzuwa likangolowa, pamene wochepa umaoneka kum'mawa kusadache. Chofunika kwa ife nchakuti m'nthanoyi mwezi suli mulungu, sulinso mfiti. Uli ngati munthu wodalira ena, woonda ndi kunenepa malinga ndi m'mene akumsamalira.

Pamudzi, usiku wa mwezi ndiwo usiku wa ufulu. Ana amasewera pabwalo, atsikana amavina, achikulire amachezerana osaopa njoka panjira. Koma makolo ankadziwanso malire a kuwala kwake, nchifukwa chake adati mwezi satungira mkanda.

Kwa asodzi a usipa nkhani imatembenuka. Iwo amapha usipa ndi khoka la chilimira pounikira ndi nyali, zimene kale zidali za parafini koma masiku ano zambiri nzoyendera mabatire. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyalizo, nsomba zimasonkhana potsata kuwala, kenaka anzake amazinga ndi khoka. Mwezi ukawala kwambiri nyali zimachepa mphamvu, usipa umabalalika, asodzi ambiri amapuma nkumasoka makoka, ndipo mtengo wa usipa pa msika umakwera. Motero kwa msodzi, usiku wa mdima bii ndiyo nyengo yake yokolola. Tisaiwalenso abale athu Achisilamu, amene ngambiri m'boma la Salima, omwe amayamba ndi kutsiriza kusala kwa Ramadan poona mwezi. Wansembe akanena pa guwa kuti mwezi ngwa afiti, adziwe kuti mau ake akamveka tsidya lina la mseu.

2. Mulungu wa makolo sadali dzuwa

Tikaunika maina amene makolo ankatchulira Mulungu, tipeza Chauta, Leza, Mphambe, Chisumphi ndi Namalenga. Ambiri mwa mainawa akuloza ku uta wa Leza, ku mphenzi ndi mabingu, ndi ku mvula. Palibe ndi limodzi lomwe lochokera ku dzuwa kapena ku mwezi. Izi nzosadabwitsa, pakuti kwa mlimi wa kuno dzuwa lili ndi nkhope ziwiri. Limaumitsa ufa ndi usipa pa thandala, koma likakhalitsa m'nyengo ya dzinja limabweretsa ng'amba, monga idachitikira mu 1949 ndi mu 1992. Chifundo cha Mulungu makolo ankachiona m'mitambo yakuda yobisa dzuwa.

Nchifukwa chake pa akachisi a mvula, monga ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona m'boma la Nsanje, mtundu wakuda ndiwo udali wopatulika, ndipo nsalu ndi ziweto zakuda ndizo zinkayenera pa nsembe. Bambo Matthew Schoffeleers adalemba zambiri za chipembedzo cha Mbona m'buku lao River of Blood la mu 1992. Tsono mlaliki wophunzitsa kuti choyera chilichonse nchabwino ndipo chakuda chilichonse nchoipa, asaganize kuti akulankhula chilankhulo cha makolo. Akubwereza maganizo obwera, amene ife anthu akuda tikadayenera kukhala oyamba kuwakayikira.

3. Usiku wa afiti ndi dzuwa loulula

Nanga ufiti ukulowa pati? Anthu amati mfiti imayenda usiku ili maliseche, imakwera fisi kapena kuuluka pa lichero, imatuma kadzidzi, ndipo imasonkhana ndi zinzake kumanda kukadya nyama ya munthu. Tikayang'anitsitsa tiona kuti chithunzi chimenechi ndi umunthu wotembenuzidwa chadodolido. Munthu amavala, mfiti imavula. Munthu amalira maliro, mfiti imakondwera nawo. Lichero lopetera chakudya cha ana limasanduka chombo cha imfa. Usiku ukulowa m'chithunzichi chifukwa ndiyo nthawi imene munthu wabwino ali m'nyumba ndipo woipa saoneka. Chimene mfiti imafuna ndi kubisala, ndipo m'nkhani zonse zimene ndidamva kwa akuluakulu a m'mbali mwa nyanja, mwezi sudatchulidwepo ngati bwenzi lake. Wakuba ndi wachigololo nawonso amadana ndi mwezi pa chifukwa chomwecho.

Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, adaonetsa m'buku lake Sorcery in its Social Setting la mu 1965 kuti milandu yambiri ya ufiti inkabuka pakati pa abale a mbumba imodzi, makamaka pa nkhani za chuma chamasiye, udindo ndi kusathandizana. Anthu okhawo ankasiyanitsa mfiti yeniyeni, yokhumba nyama ya munthu, ndi mpheranjiru, wopha chifukwa cha kaduka. Apa pali phunziro lalikulu: muzu wa nkhaniyi uli m'mitima ndi m'maubale osweka, osati mumlengalenga. Ku nyanja timaziona pamene mwini maboti alemera, anthu nkuyamba kunong'onezana kuti ngokhwima ndipo ali ndi ndondocha zomgwirira ntchito. Chikhalirecho chilumba cha Mbenji, chimene mfumu yaikulu Makanjira amachitseka m'nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, chikuphunzitsa poyera kuti nsomba zimachuluka chifukwa cha mwambo ndi kudziletsa.

Dzuwa nalonso lili ndi gawo lake m'chikhulupiriro chimenechi, ndipo ndilo gawo loopsa koposa. Amati mfiti ikachedwa pa ulendo wake, kunja nkuyichera, mankhwala ake amasuluka ndipo imagwa pomwepo ili chivulire. Motero munthu aliyense wopezeka m'mamawa pa malo achilendo, wosavala ndi wosokonezeka, waweruzidwa kale asadatsegule pakamwa.

Ndidaziona ndi maso anga. Tsiku lina asodzi pobwerera kumtunda adapeza gogo wina wachizimai atakhala pamchenga, wopanda nsalu, wosadziwa kwao. Mphekesera idathamanga kuposa mwera kuti mfiti yagwa, ndipo pofika ine, anyamata adali atatola kale miyala. Amene adampulumutsa sindine ai, koma mai wina wa mu Mphakati amene adavula chitenje chake chapamwamba, namfunditsa, nakhala naye pansi. Madzulo ake abale adatulukira kuchokera ku mudzi wina, nafotokoza kuti gogoyo mutu wake udayamba kusokonezeka ndi ukalamba zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo adatuluka m'nyumba usiku iwo ali m'tulo. Ambiri mwa otola miyalawo adali akhristu athu obatizidwa.

Ena sakhala ndi mwai wotere. Mu Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinai zidaphedwa ndi khamu la anthu poziganizira kuti ndizo zidatuma mphenzi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 lidaletsa kutchula munthu mfiti ndi kumwetsa mwabvi, koma zaka zoposa 100 zaonetsa kuti lamulo palokha silichotsa mantha mumtima. Tsono ulaliki wakuti dzuwa la Mulungu limagwetsa ana a usiku, ngakhale wonenayo atanthauze zauzimu, umagwera m'makutu amene amaumva ngati chilolezo.

4. Mwezi wa ku Ulaya

Tibwerere ku umboni wa mseminale uja. Nzoona kuti ku Ulaya ndi ku America kuli anthu a chipembedzo chotchedwa Wicca, amene amadzitchula ndi mau a Chingerezi omwe ife timawamasulira kuti mfiti. Chipembedzochi adachibweretsa poyera ndi Gerald Gardner wa ku England, m'buku lake Witchcraft Today la mu 1954, boma la Britain litachotsa mu 1951 lamulo lake lakale lokhudza ufiti. Otsatira ake amalemekeza mulungu wamkazi amene amamfanizira ndi mwezi m'maonekedwe ake atatu: wokula ndiye namwali, wathunthu ndiye mai, wochepa ndiye nkhalamba. Maganizo amenewa adawatchukitsa ndi mlakatuli Robert Graves m'buku lake The White Goddess la mu 1948. Amalemekezanso mulungu wamwamuna wa nyanga, amene amamgwirizanitsa ndi dzuwa, ndipo amasonkhana mwezi ukakhala wathunthu ndi pa zikondwerero 8 za pachaka zotsata kusintha kwa nyengo. Gardner ankati chimenechi nchipembedzo chakalekale chimene chidabisala, koma katswiri wa mbiri yakale Ronald Hutton, m'buku lake The Triumph of the Moon la mu 1999, adaonetsa kuti nchipembedzo chatsopano, cholukidwa m'zaka za m'ma 1900.

Pali zinthu zitatu zoti tizindikire. Choyamba, mau amodzi atisokeretsa. Anthuwa sanena kuti amadya maliro kapena kupha abale ao, ndipo ku Salima palibe munthu wodzitama pagulu kuti ndi mfiti. Kuphatikiza ziwirizi nkulakwa kwa kumasulira.

Chachiwiri, zizindikiro zao zidamera m'nthaka yao. Iwo amati dzuwa limabadwanso mu Disembala chifukwa kwao ndiyo nyengo ya chisanu ndi masiku aafupi, pamene kwathu Disembala ngwa mvula ndi kupalira. Kwa iwo mwezi ndi mkazi, m'nthano ya Anyanja ndi mwamuna wa akazi awiri. Apa wophunzira filosofiya ayenera kusiyanitsa chizindikiro ndi chochititsa. Mwezi umodzi womwewo sungakhale mulungu wamkazi ku England, mwamuna wa mitala kwa Anyanja ndi nyali ya afiti pa guwa lathu. Matanthauzowa amauveka ndi anthu. Chimene mwezi umachita paokha nkubweza kuwala kwa dzuwa ndi kukoka madzi a m'nyanja zamchere. Wa Wicca amalakwa pokweza cholengedwa kukhala mulungu, mlaliki wathu amalakwa pochipereka kwa Satana, ndipo onse awiri agwirizana pa mfundo imodzi yabodza, yakuti mwezi uli ndi mphamvu yauzimu mwa iwo wokha.

Chachitatu chikutichititsa manyazi. Iwo, m'kusokera kwao, adaona nkhope yolemekezeka mwa mai wokalamba. Ife amene timati munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, mai yemweyo timamtolera miyala.

5. Zimene Malembo ndi aphunzitsi a Eklezia anena

Mlembi wa mutu woyamba wa Genesis ankadziwa mitundu yopembedza dzuwa ndi mwezi, ndipo adaitsutsa mwaluso. Sadatchule nkomwe maina a ziwirizi, adangoti ndi miyuni, waukulu ndi waung'ono, yolengedwa pa tsiku lachinai kuti iunikire ndi kuwerengera nyengo. Deuteronomo 4:19 ndi Yobe 31 amaletsa kuzipembedza, koma palibe pamene Malembo amazitemberera. Salimo 104 limati mdima wa usiku adauika ndi Mulungu, ndipo Salimo 139 limaphunzitsa kuti mdima sungabise munthu pamaso pake.

Zoonadi Yohane Woyera amagwiritsa ntchito mdima ngati fanizo la tchimo, monga pamene Yudasi adatuluka usiku kukapereka Mbuye wake. Koma mdima umenewo ngwa mumtima, ndipo ungamgwire munthu dzuwa lili pamutu, monga udagwirira anyamata a miyala aja. Tikumbukire kuti Mulungu adatulutsa Aisraele ku Ejipito usiku, abusa adamva za kubadwa kwa Mpulumutsi usiku, ndipo amai adapeza manda ali apululu m'mamawa kusadayere bwino. Kwa mkulu wa usodzi uja yankho lili mu Luka 5 ndi Yohane 21: Petro ndi anzake adali asodzi a usiku, ndipo Yezu adawapeza pagombe m'mawa, nawasankha kukhala maziko a Eklezia wake.

Kugawa chilengedwe pakati pa ufumu wa kuwala ndi ufumu wa mdima kuli ndi dzina m'mbiri ya Eklezia. Nchiphunzitso cha Mani wa ku Persia, chimene Augustine Woyera adachitsata zaka 9. Amanikeyo ankati dzuwa ndi mwezi ndi zombo zonyamula kuwala kopulumutsidwa ku mdima. Augustine akusimba m'buku lachisanu la Confessions kuti adayamba kukayika ataona kuti akatswiri a zakuthambo ankaneneratu molondola za kadamsana, pamene mabuku a Mani adali odzaza ndi nthano. Potsiriza adazindikira kuti choipa sichili ufumu wolingana ndi Mulungu, koma kusowa kwa ubwino ndi kupotoka kwa chifuniro. Thomas Aquinas Woyera, ngakhale ankavomereza monga anthu a nthawi yake kuti zakuthambo zimakhudza matupi, adakanitsitsa kuti zingalamulire chifuniro cha munthu.

Ambrose Woyera ndiye adatipatsa chizindikiro choyenera, pofanizira mwezi ndi Eklezia amene alibe kuwala kwakekwake koma amawala ndi kuwala kwa Khristu, ndipo amachepa ndi kukula m'mbiri yake. Chikalata cha Lumen Gentium cha mu 1964 chimayamba ndi maganizo omwewo. Ndiponso chaka ndi chaka tsiku la Pasaka timalipeza poona mwezi, popeza limagwa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. Tingaupereke bwanji kwa afiti mwezi umene umatiitanira ku chaka chachikulu koposa zonse?

Patsala nkhani ya khunyu. Anthu ambiri kwathu amati matendawa amabuka mwezi ukakhala, ndipo ena amawonjeza kuti wodwalayo adalodzedwa. Maganizo a mweziwo ngakale, pakuti mau a Chigriki ofotokoza matenda a mwana wa mu Mateyo 17 amachokera ku dzina la mwezi. Mwanayo ankagwera pamoto ndi m'madzi, ngozi zomwezo zimene zimaopsa ana a khunyu m'midzi ya asodzi. Yezu sadafunse kuti adamlodza ndani, adangomchiritsa. Lero tikudziwa kuti khunyu ndi nthenda ya ubongo, imene ingadze chifukwa cha kuvulala pobadwa kapena malungo ofika ku ubongo, amene ngofala m'mbali mwa nyanja, ndipo mankhwala a kuchipatala amaigonjetsa mwa odwala ambiri. Banja loyang'ana kumwezi kapena kwa gogo wa pafupi limachedwa kuyang'ana njira ya kuchipatala.

Mau Omaliza

Sindikunena kuti mantha a anthu athu tiwaseke. Kaduka kalipo, anthu ofunira anzao zoipa alipo, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika pa nambala 2117 amaletsa zamatsenga zonse. Papa Benedict XVI, m'chikalata cha Africae Munus cha mu 2011, adavomereza kuti ufiti ndi vuto lalikulu la ubusa mu Africa, napempha kuti liunikidwe mozama. Koma lamulo lachisanu ndi lachisanu ndi chitatu, oletsa kupha ndi kunamizira, nawonso ngochokera kwa Mulungu yemweyo.

Ndipempha zinthu zitatu kwa ansembe anzanga ndi kwa aseminale. Polalika za kuwala ndi mdima, tinene momveka kuti tikukamba za mtima, osati za maola a pa wotchi kapena mtundu wa khungu. M'Miphakati, tiphunzitse za matenda a ukalamba ndi a khunyu, ndipo akhristu agwirizaniretu chochita tsiku limene munthu wosokonezeka adzapezeke m'mudzi mwao m'mamawa. Ndipo m'maseminale, tisaphunzire zizindikiro za makolo m'mabuku mokha, koma tikhale pansi ndi asodzi ndi anamkungwi, tiwafunse tisadawaphunzitse.

Mseminale uja adabweranso pa Sabata Loyera la chaka chotsatira, ndipo tidachita naye mwambo wa usiku wa Pasaka pa tchalitchi lomwelo. Tidayatsa moto watsopano panja kuli mdima, ndipo pamene tinkatuluka Misa itatha, mwezi udali utavuuka m'nyanja. Mkulu wa usodzi uja adali pomwepo ndi kandulo wake m'manja, ndipo mnyamatayo adapita yekha kukampatsa moni.